Mankhwala a Imvi Opanda Chidindo

Katundu akatsika mtengo musanatsegule n'komwe pakamwa, thawani anzanga. Ine sindinathawe, ine amene ndinakalambira pa benchi la sopo ndi mafuta odzola mumsika wa Mangochi, munthu woti ngakhale wogulitsa singano ankati akandiona n'kuyambiratu kudandaula.

Inali nthawi ija yolowa mumsika ndi khadi la chipani m'thumba. Mkazi wanga anali atatisiya kalekale, ana ali ku Blantyre, m'nyumba wocheza naye inali wailesi basi, nayonso mabatire akatha inkandinyanyala. Ndiye mtima unagwera a Esinala a ku Lungwena, mayi wamasiye amene ankabwera ndi usipa wouma. Anali atangometa maliro a amuna awo, njira inali yotseguka. Vuto linali imvi zanga, mutu mbuu ngati ndagona m'chigayo.

Kenaka kunabwera Che Bwanali, wamalonda woyenda pa lole, ndi timabotolo todetsera tsitsi.

"Achimwene, mankhwala awa ndi omwe aja a m'masitolo a ku Limbe, kungoti alibe chidindo. Kunjako kuli bungwe la akatswiri a sayansi ya zodzoladzola. Amakumana, amayesa mankhwala, akakhutira n'kudinda. Chidindocho ndiye chimadulitsa katundu."

Ine n'kuseka. Ndilipirire tiyi wa anthu a makoti oyera amene sanauonepo mutu wanga? Ndinamutsitsa mpaka theka, iye osalimbalimba n'komwe, mpaka kundiwonjezera botolo lina la basela. Apo mpomwe ndikanadzidzimuka.

Loweruka ndinapaka. Kunayamba kunyerenyetsa, ine ndati eya, kugwira ntchito kwake n'kumeneko, n'kuwonjezera ena. Kenaka moto! Ndinathamangira ku Shire n'kuviika mutu ngati bakha, amayi otsuka mbale atangoima kukamwa yasa. Povuula, tsitsi likutsalira m'manja ngati nthenga za nkhuku yothiridwa madzi otentha. Lotsalalo linali lofiira ngati dzimbiri. Wometa anangomaliza zonse, mpala.

Munthu wanzeru akanakhala pakhomo. Koma ndinali nditatumiza kale mawu kuti Lamulungu ndikubwera, ndiye ndinavala chipewa n'kukwera njinga. Chimene ndinaiwala n'chakuti pamaso pa akuluakulu chipewa chimavulidwa. Amalume awo a Esinala ali pakhonde, ine ndakhala pamkeka, n'kuvula.

Maso awo anagwera pa mpala wanga.

"Pepani bambo," anatero amalumewo motsitsa mawu, "ife sitinamve. Watisiya ndani?"

Kwathu kunalibenso wotsala woti n'kumwalira, kupatula ine ndi wailesi. A Esinala anatuluka ndi madzi akumwa, anayang'ana zilonda za pamutupo, n'kukhala pansi ndi phwete.

"Amuna anali anga, ndameta ine. Nanga inu a Phiri mukumetera ndani?"

Ndinafotokoza zonse, za chidindo ndi za tiyi zomwe. Anapukuta misozi ndi chitenje n'kunena kuti, "Komatu imvi zija zinkakukhalani."

Tsitsi lisanamere bwino anakwatiwa ndi msodzi wina wa ku Makanjira, wa mutu woyera kuposa wanga. Ine ndinabwerera ku wailesi.

Mpaka lero botolo lopanda chidindo silikwera pa benchi langa, ngakhale likhale laulere. Akatswiri aja tiyi wawo anamwa ndithu, Che Bwanali ndalama yake anatenga. Wolipira ndinali ine: tsitsi lonse, a Esinala basela.