Munthu Amene Ndinamutsegula Mutu ku Ntchisi

Inu a Chimbalanga, mukuseka chiyani? Poti manja angawa adada ndi fodya, ndiye mukukana kuti anagwirapo ubongo wa munthu? Funsani kuyambira ku Dzoole mpaka ku Msakambewa. Ndine mkulu wa mpingo ine, bodza ndi ine sitimwerana madzi.

Ndili mesenjala pa ofesi ina ku Ntchisi Boma, tinalandira kompyuta yakalekale, chimutu ngati mtsuko. Tsiku lina masana ndikuipukuta fumbi, ndinangoona pagalasi patulukira munthu ali thapsa pabedi, atametedwa mpala, kamakina kakulira tii! tii! kuwerenga mtima wake. Akalaliki anati ndi gemu yakale ya opaleshoni ya ubongo, koma ine munthu akamafa sindifunsa ngati ndi gemu. Amene anapanga chinthu chimenechija ndimawavulira chipewa mpaka lero: mpeni, choboolera chigaza, ngakhale magazi, zonse zinalimo!

Ndinapemphera, n'kugwira mausi, n'kucheka khungu, n'kuboola fupa mpaka utsi kutuluka kuseri kwa kompyuta, magetsi n'kuzima, ine osasiya, n'kukokera njinga yanga mu ofesi momwemo, phazi ili likupalasa kuti dayinamo ipereke moto, dzanja ili latsina mtsempha, mano aluma waya, ndipo chotupa chimene ndinazula m'mutumo, mukumva? chinatulukira ku pulinta, chachikulu ngati dzungu, moti tinachita kunyamula anthu awiri! Ulusi wa madokotala utatha, ndinasoka chigazacho mmene timasokera fodya kwathu, mothina bwino, osagwetsa tsamba. Munthu uja anaphethira, n'kunena kuti, "Zikomo adokotala," m'Chichewa chenicheni cha kumapiri kuno. Misozi inatsika ine, sindibisa.

Chabwino a Chimbalanga, poti mwafunsa: inde, asanachire anamwalirako kasanu. Ulendo woyamba mtima unandiwawa zedi. Ndinaphimba kompyuta ndi nsalu ya patebulo, n'kukagwada kwa abwana kuti pagwa zovuta, titseke ofesi, sitingagwire ntchito maliro ali m'nyumba. Abwana anavundukula nsalu ija, n'kudina batani limodzi, malemu aja n'kupezekanso pabedi akupuma bwinobwino, kudikira mpeni wanga.

Sekani, koma mundionetse dokotala, kaya ku Dowa kaya ku Lilongwe, amene wodwala wake anafa kasanu n'kumabwererabe kwa iye yemweyo!