Tsiku limene ndinakhala namfedwa mwamuna ali moyo

Mpaka lero bambo a Tadala sakudziwa kuti pakhomo pathu panachitika maliro awo, iwo ali ku Dwangwa akutafuna nzimbe. Ndayamba kuuza inu chifukwa simungandiloze chala pamsika.

Tinasamukira kuno ku Nkhotakota Tadala ali wakhanda. Bambo ake amagwira ntchito ku Dwangwa, amabwera mwezi ukatha. Ine ndi satifiketi yanga ya ku koleji (ili m'sutikesi, ikupuma) tinkangobindikira m'nyumba. Amayi oyandikana nawo ankandipatsa moni wapatali, ine n'kubweza wapatali, basi tsiku latha.

Kenako tsitsi linayamba kuthothoka. Papilo tsitsi, m'beseni tsitsi. Tsiku lina ndinapeza limodzi litakulunga kachala ka Tadala kakuphazi, katafiira. Pafoni ndinawerenga kuti chala chimatha kuduka nalo (musamawerenge za matenda muli nokha, chonde). Ndinati lonse lichoke lero lomwe.

Kometetsa tsitsi kumadzaza anyamata, ndinachita manyazi. Ndinapita pa okala kukagula lezala.

"Lachogwirira, kapena lapachikale lakuthwa konsekonseli?" anafunsa bambo ogulitsawo.

"Ndi la bambo akunyumba," ndinanama.

"Ndevu zawo n'zolimba?"

"Kwambiri," ndinatero ine, mkazi wa munthu wopanda ndevu ndi imodzi yomwe.

"Ndiye tengani lapachikaleli, mayi. Linalo ndi la ana asukulu."

Tadala atagona ndinadula ndi sizasi, n'kupaka sopo, foni nditaitsamiza pa ndowa kuti ikhale galasi. Kutsogolo kunayenda bwino. Kumbuyo, kumene maso safika, lezala linkasiya tsitsi n'kumatenga khungu. Nditadziona, mutu unali ngati bwalo la mpira la kupulayimale: apa udzu, apo fumbi. Ndinaganiza za munthu woti andimalizitse, sindinamupeze. Misozi inayambira pamenepo.

Ndinatuluka kukataya madzi, wopanda duku, ndikufwenthera. Amake Saidi, mayi achikulire a nyumba yoyandikana nayo, ankayanika mpunga. Anandiyang'ana nkhope, anayang'ana mutu, anagwira pakamwa.

"Mwana wanga! Zachitika liti? Mpaka kumeta, ife osamva?"

Ine wokulira m'tauni ndinali nditaiwala kuti mkazi akameta mpala uku akulira, mwamuna wake asakuoneka pakhomo, anthu safunsanso zambiri.

Posakhalitsa khonde linadzaza. Wina anabwera ndi nkhuni, wina ufa, wina anatenga Tadala n'kumubereka. Amake Saidi anandigoneka mutu pamiyendo pawo. Ndikanatha kunena zoona, pakamwa ndinatseguladi. Koma dzanja lawo linali lofunda pamsana panga, ndipo ndinali nditaiwala mmene zimamvekera munthu wamkulu akamakusisita. Ndinati ndinena madzi a tiyi akawira. Atawira, ndinati amwe kaye.

Foni inalira. Mayi wina anati mwina ndi achibale, n'kuiyankha. Anamvetsera, nsidze zikukwera pang'onopang'ono, kenako anandiyang'ana.

"Achemwali, malemu akufunsa ngati mwadya."

Ndinafotokoza za kachala, za okala, za ndevu zolimba. Wa nkhuni uja anaseka mpaka kugwera pa wa ufa. Amake Saidi okha sanaseke.

"Nyumba yanga ili apa," anatero. "Chitseko chimaluma?"

Anaitanitsa sopo, anandipana mutu pakati pa mawondo ngati mwana, n'kumaliza kumeta osandicheka ndi pamodzi pomwe. Ufa anabwerera nawo eni ake, nkhuni anandisiyira. Bambo a Tadala ndinawauza kuti kunali kamsonkhano ka amayi.

Phunziro lake lenileni sindikulidziwa. Mwina ndi lakuti osanamiza wogulitsa malezala. Tsitsi lamera, khonde nthawi zambiri limakhalabe langa ndekha ndi Tadala. Koma ndikamapita kumjigo amayi aja amakuwa ali patali, "Anamfedwa, mwadzuka bwanji? Malemu ali bwanji?"

Ndimayankha msanga. Kale sankandiitana n'komwe.