A Ndasiya, Atelala Osiya Mowa Lolemba Lililonse

Sindinaonepo munthu wosiya mowa kambirimbiri ngati malemu achimwene anga, atelala aja msewu wonse unkawatchula kuti a Ndasiya. Anzawo amasiya kamodzi n'kukhala phee. Iwo ayi, Lolemba lililonse ankaimirira pakhomo pa shopu, tepi ili m'khosi, n'kulengeza m'Chingelezi chothyokathyoka kuti mowa ausiya. Ati mowa umamva Chichewa, ungawanyengerere.

Chovuta chinali kutsanzikana.

"Chemwali, mnzako wa zaka makumi atatu sungomuthawa ngati wakuba. Pamafunika kutsanzika mwaulemu."

Ulemuwo unkatha Lachinayi.

Tsiku lina anasoka matumba onse a thalauza lawo kuti asamanyamule ndalama popita kubala. Ndinawapeza komweko, ndalama zili m'sokosi. Nanga jekete lomwe anasokera aphunzitsi ena ake? Mkono wina kufika m'mawondo, wina kuthera pachigongono!

"Jeketeli lili bwinobwino, aphunzitsi. Mwaima mopendekeka ndinu."

Kunena zoona, ankanditopetsa munthu ameneyu.

Ndiye mwana wawo wamkazi atabereka, anawauza mosapsatira mawu: "Adadi, mdzukulu wanu simumunyamula mpaka muthe mwezi wathunthu osalawa." Tonse tinaseka. Lolemba lotsatira kunalibe kulengeza, kunalibe Chingelezi, mashini okha ndiwo ankalira. Ine ndinati akudwala matsire.

Patapita masabata atatu anabwera kwathu, chipewa chili m'manja.

"Chemwali, muimbireni foni mwana wanga uja. Mumuuze kuti ndatsala ndi sabata imodzi. Ine sangandikhulupirire."

"Iii achimwene, ndatopa nazo! Mukufuna ndikaname kachingati?"

Anangovala chipewa n'kutuluka.

Loweruka lake anagwa ali pamashini, ndipo sitinafike nawo n'kuchipatala komwe. Pamaliro mwini bala anandiitanira pambali, misozi ili chuchuchu.

"Amayi, kodi ndinawalakwira chiyani achimwene anu? Pafupifupi mwezi wonse akhala akundidutsa ngati sakundidziwa."

Apa m'pamene ndinadziwa kuti achimwene ankanena zoona.

Pano msewu wathu uli zii. Anthu amapita nazo kutali zosoketsa, ndipo amabwera nazo zolingana mikono, koma palibe choti n'kuseka. Ndimawakwiyirabe achimwene, chifukwa ananama kambiri mpaka zoona zawo zinasowa wozigula. Koma mwana wawo akandifunsa kuti, "Azakhali, adadi anayesako n'komwe?" ndimangoti anayesa. Zoti anandituma foni ine n'kukana, sindinamuuzebe mpaka lero.