Ayi Wanga Anamiza Galimoto ya Malume

Nkhaniyi sindinkafuna kuiulula. Koma poti mkazi wanga, amake Tadala, aifalitsa kale kutchalitchi konse ndi kanema yemwe, bola muimve kwa mwiniwakene.

Malume anga, amene anakhala ku Scotland kuno zaka zambirimbiri, atamwalira anandisiyira chigalimoto. Ndikuti chigalimoto posowa dzina lina: matayala sikisi, thupi ngati bafa, chiwongolero palibe koma ndodo ziwiri zokoka. Akuti chinkayenda pamtunda ndi pamadzi pomwe. Kwa malumeko chinagona nthawi yaitali moti makoswe anabadwira m'mpando wake, kukwatiranamo, mpaka kuona zidzukulu.

Nditachikokera m'galaja yathu ku Springburn, mumzinda wa Glasgow, amake Tadala anachizungulira kamodzi kokha.

"Bambo, ichi n'cha anthu otola zitsulo zakutha. Muno ndikufuna ndiikemo filiza."

"Mayi, musatero. Ichi n'chokumbukira malume."

"Chabwino. Chikayandama, chikhala. Chikamira, chipita."

Ndinavomera msangamsanga (ine ndi matama ndife pachibale). Miyezi itatu ndinali m'galajamo ndi neba wanga a Dougie, mzungu wachikulire amene kale ankakonza sitima zapamtunda. Petulo wakale anali atasanduka phala, matcheni dzimbiri lokhalokha, matayala onse phwa. Tsiku limene injini inatsokomola n'kulira, inenso ndinalira, osanama ayi. Ndinawasowa malume tsiku limenelo.

Kenako ndinachitsuka bwinobwino. Kuti madzi a sopo atuluke, ndinazula timapulagi tiwiri totseka mabowo a pansi, n'kutiika m'thumba la jekete kuti tisasowe. Nzeru zimenezo!

Loweruka lina m'mawa tinachikweza pangolo, ulendo ku kanyanja kena kunja kwa tauni. Amake Tadala anaima pamtunda, foni m'manja, nkhope ngati woyang'anira mayeso. Ine ndinakhala pampando mwaubwana n'kutsetsereka mpaka m'mphepete mwa madzi. Pomwepo injini inazima. A Dougie anapita kumbuyo kuti angondikankhira m'madzimo, zoliza injini tikaonera konko.

Ndikupisa m'thumba kufuna mpango, dzanja linagunda timapulagi tija. Mayo ine! Ndinatitulutsa, kena dzanja ili, kena dzanja ilo.

"Plugs in, big man?" a Dougie anafunsa ngati mapulagi ndawabwezera, ali chiweramire kumbuyoko.

"Ayi!"

Abale anga, munthu ukachita mantha Chingerezi chimathawa, chimatsala n'chimene unayamwa. Tsoka lake, ku Glasgow kuno akafuna kunena kuti inde amati "aye", ndipo amatchula ndendende ngati ayi wathuyu. Zimenezi ndimazidziwa bwino, ndimaphunzitsa ngakhale alendo ongofika kumene. Koma tsiku limenelo mutu unaima.

"Ayi! Ayi! Ayiii!"

A Dougie anaona kuti mnyamatayu changu chamupha, ndiye anakankha ndi mphamvu zonse za munthu wozolowera sitima. Ndodo za mabuleki zinali pamaso pangapa, koma ndikanazigwira ndi chiyani, manja onse ali ndi mapulagi?

Chinayandama, anthuni. Ndikulumbira, chinayandama! Ndinafika powerenga mpaka folo. Kenako timipope tiwiri tinatumphuka pakati pa miyendo yanga, madzi ozizira oti mano amachita kuuma. Chinatitimira mwaulemu, pang'onopang'ono, mpaka chinakakhala pamatope, ine madzi ali m'chiuno, mapulagi ndawakweza m'mwamba ngati ndikuwapulumutsa. Kumtunda amake Tadala ankaseka mpaka kukhala pansi, koma foni osaitsitsa.

Tinachikoka ndi chingwe. M'njira monse a Dougie ankangong'ung'udza kuti anandifunsa, ndipo ndinavomera kanayi konse.

Titafika kunyumba ndinafunda bulangete, mapazi m'beseni la madzi otentha, n'kuyamba kudandaula mlandu wanga: kuti chinayandamadi, kuti vuto silinali la galimoto, kuti ndingopatsidwa Loweruka limodzi lokha. Amake Tadala anamvetsera modekha, akundithirira tiyi.

"Ndiye bambo, mawa ndiwaimbire a zitsulo aja?"

"Ayi!"

"Zikomo kwambiri povomera," anatero akundipatsa kapu. "Inenso chiyankhulo cha kuno ndimachimva."