Mayikulowevu ya a Joyisi

Lolemba, 14 Ogasiti
Mayikulowevu ya a Joyisi, namwino uja wa kuseri kwa msika, yafika pa njinga. Akuti sikuyaka. Bambo a Tadala, amuna anga okonza mawailesi, aikhazika pabalaza ngati mlendo. Yoyera mbee, chitseko chagalasi. Ine maso kufiira ndi utsi wa mbaula, anzathu amangodina batani. Zikundiwawa, ndisaname.
Loweruka amayi akumpingo akumana kwathu kuno. Igone mpaka tsikulo, ndiyalepo kansalu koluka. Wofunsa za mwini wake ndingomumwetulira.

Lachiwiri
Aitsegula. M'kati: mphemvu, fumbi, fyuzi yopsa. "Usapisemo dzanja, imaluma ngakhale utaizula kukhoma," akutero bambo. Madzulo a Joyisi abwera, akuti kudzazonda wodwala. Perefyumu nyumba yonse. "Achimwene, manja anuwa ngodala." Bambo kuseka mpaka mano a m'mbali, amene ine ndinawaona komaliza pa ukwati. Akuti mawa yatha. Mawa?

Lachitatu
Fyuzi yatsopano anaisiya m'sosala. Tsopano ili pansi pa ufa m'ndowa. Afunafuna mpaka kunsi kwa bedi. Akuganizira nkhuku. Ine ndikuthandiza nawo kufuna.

Lachinayi
Pa Boma fyuzi yotere yatha, koma ku Limbe. A Joyisi nawonso ati ali ndi ulendo wa ku Limbe. Bambo anyamuka ndi:
malaya akutchalitchi,
nsapato zopolisha,
mafuta anga odzola.
Mayi wogulitsa tomato pa siteji akuti anawaona m'minibasi akugawana chimanga chootcha. Chimodzi, anthu awiri! Fyuzi ndaifukula, koma ndiuze ndani?

Lachisanu
Bambo aika fyuzi ya ku Limbe. Yayaka. Mbale yagalasi ikuzungulira, madzi atentha. Mwini wake ali pantchito mpaka mawa madzulo. Mulungu sanandiiwale.

Loweruka
Amayi adzaza nyumba. Maso onse pa kansalu. "Koma ndiye mwatukukatu, Make Tadala." Ndamwetulira. Apempha aone ikugwira ntchito. Ndaika mandasi m'mbale yanga yachitsulo, ndadina. Mphezi m'kati, thetheche, kenako phu! Fungo la waya. Amayi a abusa athawira pakhomo, ndipo agundana ndi a Joyisi akulowa.
"Mayikulowevu yanga yatha, achemwali?"
Yatha ndithu.

Lamulungu
Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Aliyense wondipatsa moni akufunsa za mandasi. Bambo akuti chapsa ndi chida chachikulu chotenthetsa cham'kati, chimapezeka ku Blantyre kokha, ndipo mwini wake ayenera kukasankha yekha. Anyamuka Lachiwiri m'mawa. Ndapempha ndipite nawo. Akuti mpando wakutsogolo wa minibasi umakwana anthu awiri.