Kadzidzi wa a Derek

Mukadzafika padoko la Bridlington n'kumva azungu akukamba za mayi wina wamisala wa zipewa ziwiri, chonde mudzanene kuti simukumudziwa. Mayiyo ndine.

Ndimasamalira okalamba ku Leeds. Mmodzi mwa iwo ndi a Derek, mdala woyenda pa wilitcheya, wokonda mbalame koopsa. Osati kudya ayi, kungoziyang'ana. (Ndinawafunsapo kuti akamaliza kuyang'anako amazitani. Akuti amabwerera kunyumba. Basi.)

Mu Januwale anzawo anawaimbira foni kuti kudoko kwafika mbalame yochokera kumayiko achisanu. Mdala anatsitsa foni n'kunditembenukira. "Moyo wanga wonse ndakhala ndikuisaka imeneyi," anatero, "ndipo maso angawa akutha. Ndikaiphonya chaka chino, ndiye basi." Sindinafunse kuti ndi mbalame yanji. Kwa ine mbalame ndi mbalame.

Tinakwera sitima. Abale, kuzizira kwa kunyanja kuja kumalowa mpaka m'mano! N'chifukwa chake ndinavala zipewa ziwiri. Tinapeza anthu ataima ndi makamera ataliatali ngati mipope, onse ali zii, kukhala ngati maliro opanda kwaya. Ndinapereka moni, woyankha panalibe. Anandionetsa tiabakha takuda ndi timbalame tina tothamangathamanga pamiyala, tosakwana ndi ndiwo ya mwana yomwe. Ndinayamikira mwaulemu.

Kenako wina ananong'ona kuti, "Uyo!"

Kutembenuka, mayo ine! Kadzidzi. Masanasana! Watera pamtengo wa mpanda pafupi penipeni ndi a Derek, maso achikasu ali tong'o pa iwo. Munthu wodwala mtima, wa mapilitsi m'mawa ndi madzulo, kadzidzi n'kumamuyang'ana choncho? Ine ndine wa kwaya, zamatsenga sindikhulupirira (Mulungu ndi mboni), koma kadzidzi ndi nkhani ina. Kwathu akatera padenga, anthu amayambiratu kufunsa mtengo wa bokosi.

A Derek anali akupukuta magalasi awo. "Ali pati, mwanawe? Ndilozere."

Kwathu timamugenda ndi chikuni chamoto. Nanga padoko chikuni uchipeza kuti? Chotentha chokha chomwe ndinali nacho chinali fulasiki ya tiyi.

"Choka! M'dzina la Yesu, bwerera kwa amene wakutuma!"

Fulasiki vuu, kuphonya, m'madzi thibu! Kadzidzi uyo, wauluka kulowera kunyanja. A Derek anamaliza kuvala magalasi n'kuona mtengo wokhawokha.

Azungu aja sanatukwane, anangondiyang'ana. Bola akananditukwana. Mayi wina anandigwira paphewa n'kufunsa mwaulemu ngati pali mankhwala amene ndaiwala kumwa.

M'sitima mdala anangoyang'ana pawindo, misozi ili mbwembwembwe. Zinandipweteka, sindinama. Ndinapepesa, ndinafotokoza za kwathu, za padenga, za maliro. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndiye unandipulumutsa," anatero. "Kuti nditsale ndizionanso chiyani?"

Kadzidzi uja sanabwererenso, maso a mdala nawo anatheratu. Zimenezo ndimavomera, ndinalakwa.

Koma tinene zoona. Chichokereni kudoko kuja, ambulansi yanyamula okalamba anzawo angapo osabwerera nawo. A Derek akadali gwa, akumwa phala ndi kundinyoza m'mawa uliwonse. Wondithokoza mpaka lero palibe.