Ng'oma Yopanda Nyama

Mukadzafika kukomboni ya Amaveni kuno ku Kwekwe n'kumva anthu akunditchula kuti mayi wootcha ng'oma, musadzavutike kufunsa kuti dzinali linabwera bwanji. Ndikuuzeni ndekha kamodzi kuti tithane nazo. Ambiri amaseka akamaifotokoza nkhaniyi, ndipo sindiwaletsa, chifukwa kuseketsa imaseketsadi. Kungoti inachitika tsiku loika maliro a ababa anga.

Ababa anagwira ntchito mumgodi kuno ku Kwekwe mpaka chifuwa chinawakana. Masiku opuma ankaimba ng'oma za beni ku holo ya mowa, gule amene makolo awo anabwera naye kuchokera ku Malawi. Atasiya mowa (adokotala ndiwo anawasiyitsa, ngakhale iwo ankati ndi Mzimu Woyera) anatenga manja omwewo n'kupita nawo kukwaya ya kutchalitchi. Alongo anga awiri anakana kuphunzira, ankati ng'oma n'za nkhalamba. Ndinatsala ine mwana wamkazi, ndipo ababa sanachitire mwina.

Makonga anga oyamba, ng'oma zoimika zomenya ndi manja zija, anali tiwiri tamatabwa togula kumsika kwa bambo wina wokhoma mipando. Chikopa chinali cha ng'ombe, chokhomera ndi misomali. Kamodzi kanali kopendekeka moti ndinkayenda ndi kamwala m'chikwama koikira pansi pake. Nyengo yozizira chikopa chinkafooka, ng'oma n'kumalira ngati munthu wachimfine. Apo ababa ankanditengera kuseri kwa tchalitchi, n'kuyatsa kamoto ka makatoni, n'kupendeketsa ng'oma kuti chikopa chiyang'ane moto. Ankachisisita ndi chikhatho, kugogoda ndi chala, kusisitanso, mpaka mawu atakwera.

"Yadzuka," ankatero. "Ng'oma ili ngati ine, siyankhula isanaothe."

Ndinawamba ng'oma chotero zaka zambiri, mpaka manja anga anafika pochita okha mutu uli kwina.

Manyazi anandigwira tsiku limene makwaya a matchalitchi ena anabwera kudzaimba kwathu. A ku Gweru anatsitsa m'basi makonga aatali, onyezimira, okhala pamiyendo yachitsulo. Ine nthawi imeneyo n'kuti nditagwada kuseri, ndikuuzira moto wa katoni, yunifolomu yonse ikununkha utsi. Mayi wina wa kwaya yawo anandipeza pomwepo n'kundifunsa mwaulemu ngati tiyi wapsa. Tsiku lomwelo ndinalumbira kuti ndigula makonga enieni, ndipo ndinasoka madiresi a anthu usana ndi usiku mpaka zinatheka.

Ndisananyamuke kokagula, ababa anandiitana. Apa n'kuti akudwala kale, akukhalira kugona.

"Usakasankhe ndi maso," anatero. "Ukaimenye wekha, kenako ukaime patali wina aimenye, iwe ukumvera. Ndipo ukafunse kuti chikopa n'cha nyama yanji."

Ndinavomera zonse ngati mwana wabwino, ndipo ndinaziiwala basi isanatuluke mu Kwekwe.

M'sitolo ya zoimbira ku Gweru munali mitundu iwiri. Ena anali amatabwa, ofiirira mosasangalatsa, achikopa chenicheni. Wogulitsa anawamenya ndipo mawu ake ndinawamva m'mimba, koma mtundu wake unkandikumbutsa tanga takale tija. Pambali pake panaima ena ofiira psuu, osalala, opepuka, moti ndinadziona nkhope pathupi pake. Ndinawamenya kamodzi kokha. Kunena zoona sindikumbuka kuti analira bwanji, chifukwa ndinali kalikiliki kukonza duku.

"Sisi, idzi ndidzo dzacho," anatero wogulitsayo m'Chishona, kundiuza kuti zenizeni ndi zimenezo. Anafotokoza kuti pamwamba pake si chikopa koma pulasitiki yolimba, yosasamala mvula kapena chisanu. Mawu akatsika, munthu umangomanga mabawuti a m'mbali ndi kasipanala. Anandipatsa kasipanalako m'manja, kenako anandiyang'ana bwinobwino (ndikukhulupirira utsi unali usanathe m'zovala) n'kuwonjezera kuti, "Moto kwete, sisi. Moto ayi."

"Mukundiona ngati wakumudzi eti?" ndinamuyankha ndikuseka.

Sabata yomweyo makonga akale ndinawakweza basi ya ku Gokwe, kupatsa msuweni wanga amene tchalitchi chawo chinalibe ng'oma. Ndinamupatsa ndi kamwala komwe. Kasipanala ndinakasunga mukabati, kuseri kwa mbale za alendo, malo amene ndimaika zinthu zofunika kwambiri zoti ndisadzazigwirenso.

Atsopanowo ndinapita nawo kuchipinda kwa ababa. Anatulutsa dzanja m'bulangete, n'kuyendetsa chikhatho pamwamba pake pang'onopang'ono.

"Ini lo?" anafunsa. Chilapalapa, chiyankhulo cha kumgodi, chinkawatulukira akadabwa, ndipo apa ankafunsa kuti chimenechi n'chiyani. "Nyama yanji iyi?"

"Si nyama, Ababa. Ndi pulasitiki. Siifuna moto."

"Ng'oma yopanda nyama," anatero, ngati akulawa mawuwo. "Chabwino. Imenye ndimve."

Ndinaimba beni pang'ono. Anatseka maso, chala chikugunda pabulangete, ndipo nditamaliza anati zikulira ndithu. Sanati zikulira bwino, ndipo ine ndinamva kusiyanako. Kenako anandikokera pafupi.

"Mayi, tsiku langa likadzafika, ndidzatuluke pakhomo pano ndi ng'oma. Osati ndi kabokosi ka a Tembo."

A Tembo ndi aphunzitsi a kwaya yathu, ndipo kabokosiko ndi kiyibodi yawo, ija ili ndi batani loti ukadina imaimba yokha ng'oma zabodza. Ababa ankadana nalo batanilo kuposa mmene ankadanirana ndi akapitawo a kumgodi. Ndinawalonjeza, ndipo ndinawauza kuti asiye kuyankhula zoopsa.

Anamwalira mu Juni, chisanu chili pachimake. Thupi linagona kunyumba monga mwa mwambo, ife amayi tili pansi m'nyumba ya siwa, abambo ali panja pamoto wa zikuni zikuluzikulu. Kutacha, nthawi yotulutsa bokosi itayandikira, ndinadzuka kuti ndikakonze ng'oma. Azakhali anandigwira chitenje.

"Iwe ndiwe namfedwa, ukhale pansi. Mwana wamkazi n'kumamenya ng'oma pamaliro a bambo ake?"

"Anapempha okha, Azakhali."

Anandisiya, koma anandiyang'ana mondiuza kuti tidzakambirana.

Makonga anali ataimikidwa pafupi ndi khomo, ofiira pakati pa anthu ovala zakuda. Ndinawamenya ndipo ndinamva mawu akufa, ongoti bu. Mpaka lero sindidziwa ngati analidi ndi vuto. Mwina manja anga ndiwo anali atauma ndi chisanu, mwina makutu anali atatopa ndi kulira. Ndikadakhala ndi nzeru ndikadatuma munthu kukatenga kasipanala mukabati. Koma m'mutu mwanga munalibe sipanala, munalibe wogulitsa wa ku Gweru, munali ababa okhaokha. Manja ananyamula konga yoyamba, kenako yachiwiri, n'kukazipendeketsa pamoto wa abambo, pafupi ndithu chifukwa nthawi inali itatha.

Abambo anasuntha mipando kundipatsa malo. Onsewo anakulira m'makomboni a migodi, anaona ng'oma zikuwambidwa moyo wawo wonse, ndiye palibe amene anaona chachilendo. Mmodzi anachita kusonkhezera chikuni kuti andithandize.

Nthawi yomweyo panafika gulu la amayi a mumsewu wathu kudzapepesa. Kuno munthu akabwera pamaliro amagwira chanza wofedwa aliyense, ndipo sungabweze dzanja n'kunena kuti dikirani kaye ndili ndi ng'oma pamoto. Anandizungulira, aliyense ndi "Nematambudziko" wake, mawu opepesera m'Chishona, ine n'kumayankha mmodzimmodzi. Wotsiriza anali mayi wachikulire amene ankagulitsa matemba ndi malemu amayi anga. Anandikumbatira n'kuyamba kulira, ine n'kuyambanso, ndipo tinagwirana choncho nthawi yaitali.

Fungo ndi limene linayamba kufika. Abambo a pamoto aja aliyense anadzutsa phazi kuyang'ana pansi pa nsapato yake. Atapeza kuti nsapato zonse zili bwino, a Chisale, mnzawo wa ababa amene ankatsika nawo mumgodi, anandiitana ndi mawu otsika.

"Mwanawe, ng'oma yako ikuchita thukuta."

Nditacheuka ndinaona pamwamba pa konga yaikulu patalendewera, pakati pataboka, pulasitiki ikudontha paphulusa. Inzake inali itakwinyika ngati nkhope ya munthu wolawa mandimu, utoto wofiira uja utatupa matuza. Ndipo apa ndi pamene ndinamalizitsa uchitsiru wanga: ndinathamanga n'kuika chikhatho pamwamba pake kuti ndisisite, monga ankachitira ababa. Pulasitiki yotentha inandimata padzanja. Ndinakuwa, ndipo amayi a m'nyumba anaganiza kuti ndayambitsa kulira kotulutsira maliro, onse n'kulandira mwamphamvu.

Anandiviika dzanja mundowa ya madzi otsukira mbale. Wina anaimba foni kutchalitchi china kubwereka ng'oma, koma wosunga kiyi anali atapita ku Mvuma. Zanga zakale zinali ku Gokwe. Basi yopita kumanda inali italiza kale injini, ndipo abusa ankangoyang'ana wotchi. A Tembo anabwera n'kunjuta pafupi ndi ndowa ija. Sanaseke, sanandinyoze, ndipo zimenezo zinandiwawa kwambiri kuposa akadaseka.

"Amayi, ndiyatse?" anafunsa.

Magetsi kwathu amazima pafupifupi tsiku lililonse. Ndinapemphera mumtima kuti akhale atazima. Tsiku limenelo analipo.

Ndinagwedeza mutu kuvomera. A Tembo anadina batani lija, kabokosi kanayamba tsi-tsi-dum, tsi-tsi-dum, kwaya inalowa, ndipo alongo anga ndi amuna ena ananyamula bokosi kutuluka nalo pakhomo. Ine ndinali pambuyo, dzanja litakulungidwa m'kansalu konyowa. Ndinkaona amayi ena atabisa nkhope m'zitenje mapewa akugwedezeka, ndipo ndinkadziwa kuti si onse amene ankalira. Sindinawaimbe mlandu. Ine ndinkalira chinthu chimodzi chokha: munthu anandipempha kanthu kamodzi moyo wake wonse, ndipo ndinakaotcha ndi manja anga.

M'basi ndinakhala pafupi ndi a Chisale. Titadutsa msika anatembenukira kwa ine.

"Abambo ako akadaseka mpaka kutsokomola," anatero. "Akadatha kutsokomolako akadakukalipira." Kenako anawonjezera kuti, "Koma kapendeketsedwe kaja n'kawo. Nditakuona ukuziika pamoto, ndinaona iwowo."

Apo ndinalira mosadziletsa, moti azakhali, amene anali atakonzeka kundidzudzula, anangondipatsa mpango.

Patapita miyezi ndinatenga makonga aja kupita nawo kwa bambo wa kumsika uja, n'kumupempha kuti awakunge ndi chikopa cha ng'ombe. Anandifunsa kuti pulasitiki yake inapita kuti, koma ankadziwa kale, ankangofuna kumva kuchokera pakamwa panga. Matuza a utoto alipobe mbali imodzi, ndipo ndimaitembenuzira kukhoma. Padzanja panga palinso chipsera chake. Kasipanala ndinakatulutsa mukabati, pano kamakhala m'chikwama momwe munkakhala kamwala.

Ngati mukufuna kugula makonga abwino, imani patali wina awamenye, ndipo funsani kuti chikopa n'cha nyama yanji. Ine ndingakuuzeni zimenezo basi. Za moto sindingakulangizeni, chifukwa m'mawa kukazizira mudzandipezabe kuseri kwa tchalitchi ndi kakatoni kanga, sipanala ili phee m'chikwama. Kungoti masiku ano ndimawaimika patali ndi moto ndipo sindipereka moni kwa aliyense.

Makongawo amalira bwino tsopano, mawu ake amafika m'mimba. Ngakhale a Tembo amazimitsa batani lawo ndikayamba. Ndimaimba pamaukwati, ndimaimba pamaliro a anthu ena, ndipo anamfedwa amabwera kudzathokoza kuti abambo awo atuluka mwaulemu. Ndimawagwira chanza n'kumwetulira. Anga anatuluka ndi kiyibodi.